Anaba Nkhope ya Mwana Wanga Ukwati Uli Pafupi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zolembedwa pagulu lino, mtendere ukupezeni kumene muliko. Ine ndine Nangondo, telala wa pa Nsaru, uja amasokera pakhonde la sitolo moyang'anana ndi poima a kabaza. Ena a inu munavalapo zosoka zanga pa zinkhoswe, ena munandithamangitsapo ndi mayunifolomu a kwaya Loweruka masana. Lero sindikutsatsa diresi. Ndabwera kudzachitira umboni za mmene ukwati wa mwana wanga Velonika unatsala pang'ono kupasuka usanadalitsidwe n'komwe, chifukwa cha munthu wauve amene anaba zithunzi zake pa tsamba la mchezo, komanso chifukwa cha uchitsiru wa ine mayi wake. Ndikamakumbukira nkhaniyi mkwiyo umandigwirabe, ndiye mundikhululukire mawu ena akatuluka otentha.

Foni ya tachi ndinaigula mochedwa, anzanga atatopa nako kundiseka ndi kafoni kanga ka mabatani komanga ndi labala. Amene ananditsegulira akaunti ndi Velonika yemweyo, mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi amene wakhala akundithandiza kudula nsalu chimwalirireni bambo ake. Maganizo anali abwino. Diresi ikatha iye ankaivala, ine n'kumujambula pafupi ndi makina, kenako n'kuika chithunzicho pa tsamba langa kuti anthu aone. Mulungu anamupatsa thupi loti chovala chilichonse chimamukhala, moti ngakhale diresi yoti ndasoka mutu ukundiwawa inkaoneka ngati yochokera m'tauni. Maoda anayamba kubwera kuchokera ku Kabudula, ku Mpingu, mpaka ku Namitete kumene sindinkadziwako munthu. Pansi pa chithunzi chilichonse ndinkalemba dzina lake lonse, malo amene timapezeka ndi nambala ya foni, ndipo ndinkadziona wochenjera kwabasi.

Cholakwa changa chinachokera m'makhalidwe abwino, n'chifukwa chake chimandipsetsa mtima kwambiri. Ine ndinaleredwa kuti munthu akati odi pakhomo umayankha, umamupatsa mpando, za kumene wachokera umafunsa pambuyo. Ndiye munthu akatumiza pempho loti tikhale mabwenzi pa tsambalo, ndinkangovomera. Wa chithunzi cha galimoto ndinkavomera. Wa duwa, wa mkango, wopanda chithunzi n'komwe, onse lowani. Panali ngakhale azungu ena ovala zausilikali amene ndinkawapatsa moni wa m'mawa m'Chichewa, n'kumadabwa kuti bwanji sakuyankha. Velonika anandichenjezapo kuti, “Amayi, anthu osawadziwa musamawavomere, komanso zithunzizi aziona anzanu okha.” Ine ndinamukalipira kuti ana a masiku ano mulibe ulemu, ndipo kasitomala sasankhidwa. Nkhani inathera pomwepo.

Chaka chimenecho, anthu atakumba mtedza, Velonika anachita chinkhoswe ndi Matiyasi, mnyamata wa cha ku Kabudula amene amakonza njinga zamoto. Ndi mwana wofatsa, wosayankhulayankhula, woleredwa ndi amayi ake mothandizidwa ndi atsibweni ake a Kamwendo, amenenso anali ankhoswe a kuchimuna. A Kamwendo ndi bambo oti mukawaona Lamulungu mutha kuwasungitsa makiyi a nyumba yanu: jekete yosita, buku la nyimbo m'khwapa, mawu apansipansi. Kumpingo kwathu ukwati usanadalitsidwe umalengezedwa katatu, Lamulungu lililonse kamodzi, kuti ngati wina akudziwa choletsa anene. Ulendo woyamba mayina anawerengedwa, amayi a mphakati wathu anaimba nthungululu, ine ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha mumsewu.

Lachiwiri lake, dzuwa lili pamutu, a Kamwendo anatulukira pakhonde panga. Ndinawapatsa mpando, anaukana. Anatulutsa foni n'kundiikira pamphuno penipeni, nati, “Mayi, taonani mwana amene mukufuna kutipatsa.” Ndinaona akaunti yokhala ndi nkhope ya Velonika, dzina lake lonse, ndi diresi yobiriwira imene ndinasokera mkazi wa aphunzitsi ena. Koma mawu amene analembedwa pansi pake, abale anga, sindingawabwereze pagulu la anthu opemphera. Anali mawu oitana amuna, mwana wanga akutsatsidwa ngati tomato wa pamsika, ndipo m'makomenti amuna anali ataunjikana ngati ntchentche pachilonda. Ndinathawira kuseri kwa sitolo. Pobwera ndinapeza a Kamwendo akupukuta magalasi awo mosafulumira. Anati mtundu wawo sukwatira zoterezi, ndipo apita kale kwa akatekisiti kukanena kuti kulengeza kuime.

Tsopano ndinene chimene ndimachita nacho manyazi kuposa zonse. Nditafika kunyumba sindinamufunse mwana wanga ngati mayi, ndinamufunsa ngati wapolisi. Ndinamulanda foni, ndinaisanthula yonse ngakhale zambiri sindinkazidziwa, ndipo nditasowa kanthu ndinati, “Foni ina wabisa kuti?” Ndinakhuthula chikwama chake, ndinatukula matiresi. Iye anangoima pakhomo la chipinda misozi ili mbwembwembwe, n'kunena kamodzi kokha kuti, “Amayi, si ine.” Ndinayankha kuti nkhope ndi yako, dzina ndi lako, nanga ndi ndani, mzukwa? Kuyambira tsiku limenelo anasiya kubwera kukhonde, chakudya ankangochigwiragwira, ndipo m'nyumba mwathu tinkadutsana ngati anthu a lendi.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa pa Nsaru ponse. Amene anandinyansa kwambiri si anyamata a pasiteji oimba mluzu, amenewo ndinawazolowera kale. Ndi anthu opemphera. Amayi amene timakhala nawo benchi limodzi ankatumizirana zithunzi zija pa foni, aliyense akulemba kuti tiyeni timupempherere mwanayu. Kupempherera munthu kumafuna chithunzi chake, eti? Mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake ndisanaidule n'komwe, akuti wasintha maganizo, koma maso ali mwazumwazu kufunafuna Velonika kuseri kwa makina. Bambo wina wa imvi, amene mkazi wake ndi zidzukulu zake ndimawadziwa, anabweretsa buluku labwinobwino kuti ndimukonzere zipi, kenako n'kufunsa monong'ona kuti kodi mwana uja amapezeka nthawi yanji. Bulukulo ndinaliponya pakati pa msewu, ndipo mpaka lero sindinalape, chifukwa tchimo lake sindikuliona.

Lamulungu lotsatira akatekisiti anawerenga zolengeza zonse, za maliro, za msonkhano wa achinyamata, za ukwati wa anthu ena, kenako anapinda pepala. Dzina la Velonika silinamveke. Iwo sindikuwadandaula, mbali ziwiri zikasemphana ayenera kudikira. Koma mitu inatembenuka benchi ndi benchi kudzandiyang'ana, ndipo nkhope zina zinali zachisoni chonamizira chimene chimabisa kukondwa. Titatuluka, Matiyasi anandipatsa moni waulemu. Anati mtima wake ukukana kuti Velonika angachite zimenezo, koma atsibweni alamula kuti Lachisanu ankhoswe akumane athetse zonse. Mwana wa eni ake ankamukhulupirira mwana wanga kuposa ine amene ndinamubala, koma nthawi imeneyo ndinangoti n'chikondi chamuphimba m'maso.

Lolemba ndinakhala pa makina osasoka kanthu. Kolona ndinaiyamba katatu, osafika nayo patali. Potsiriza ndinasiya mapemphero oloweza n'kuyankhula ndi Mulungu ngati mmene ndimayankhulira ndi munthu amene wandichedwetsera nsalu. Ndinati, Ambuye, ine mutu waima. Ngati mwanayu walakwa ndionetseni ndione ndi maso angawa, ngati sanalakwe tumizani munthu, ndipo mutumize lero chifukwa Lachisanu si kutali. M'maganizo mwanga wotumidwayo anali abambo mfumu, kapena wapolisi, kapena mphunzitsi wina wodziwa makompyuta.

Amene anabwera ndi Fanesi. Kwa amene simumudziwa, Fanesi ali ndi saluni khomo loyandikana ndi khonde langa. Kale ankagwira ntchito mu bala ku Kasiya, amavala mabuluku othina, tsitsi lake limasintha mtundu mwezi ndi mwezi, ndipo zikhadabo zake mutha kupalira nazo mbatata. Zaka zonse zimene takhala moyandikana moni wake ndinkayankhira m'mphuno, ndipo Velonika ndinamuletsa kukalukitsa tsitsi kumeneko. Tangoganizani, asilikali achizungu osawadziwa ndinkawalonjera m'mawa uliwonse, koma mnansi wanga weniweni ndinkamuona ngati chinyalala. Anakhala pa mpando wa makasitomala osaitanidwa, nati, “Amayi, zakuchitikiranizi zinandichitikirapo inenso. Bweretsani foni yanu tione limodzi.”

Anaika mafoni awiri pa thebulo lodulira nsalu, yake ikuonetsa akaunti yonyansa ija, yanga ikuonetsa tsamba langa. Anandionetsa kuti akauntiyo inali yatsopano, ndipo mabwenzi ake onse anali amuna okhaokha, popanda wachibale kapena mnzake wa kusukulu ngakhale mmodzi. Kenako tinayamba kufananiza zithunzi. Diresi yobiriwira ija inali pa tsamba langa. Siketi ya chitenje cha nkhanga, chimodzimodzi. Chithunzi china mpaka chala changa chinkaoneka pakona, pamene ndinaphimba kamera pojambula. Panalibe chithunzi ngakhale chimodzi chimene sindinajambule ineyo. “Mtsikana wochita zimenezi amadzijambula yekha,” anatero Fanesi, “sadikira kuti amayi ake amalize kusoka.” Wakubayo sanathyole pena paliponse, ndinamulowetsa ndekha, ndipo mwina ndinamupatsanso moni.

Nditamva kuti pali podina polipota akaunti yabodza kuti eni tsambalo aitseke, ndinafuna tidine pompopompo. Fanesi anandigwira dzanja. Anati ikatsekedwa lero anthu anena kuti Velonika waifufuta yekha chifukwa cha manyazi, ndipo banga limenelo silidzachokanso, ndiye ikhale mpaka Lachisanu. Chimene tinachita tsiku limenelo ndi kusesa kwanga. Anasintha kuti zimene ndimaika aziona mabwenzi anga okha, anabisa nambala yanga, anatsekanso kuti wongodutsa aliyense asamathe kundipempha ubwenzi. Kenako tinayamba kuchotsa anthu mmodzimmodzi, iye akufunsa kuti uyu mumamudziwa, ine ndikupukusa mutu, mpaka dzuwa linapendeka. Titafika pobuloka, kumene ndi kumutsekera munthu kuti asakuonenso ngakhale kukulembera, ndinayamba kuzengereza kuti kodi Mkhristu amatero. Fanesi anaseka mpaka kugwira m'mimba. “Nanga bafa lanu munaligwetsa mpanda chifukwa ndinu Mkhristu?” Ndinabuloka mpaka chala chinachita dzanzi.

Nditabwerera kunyumba ndinamuuza Velonika mokondwa kuti tapeza kuti si iwe. Anandiyang'ana, nati, “Mwapeza lero?” Analowa kuchipinda n'kukankha chitseko pang'onopang'ono. Ine ndinati watopa chabe, zitha zokha.

Lachisanu m'mawa tinakumana pansi pa mtengo wa mango kwa achimwene anga a Lufeyo, amene anali ankhoswe a kuchikazi. A Kamwendo anabwera ndi mlongo wawo, amayi ake a Matiyasi, ndi Matiyasi mwini. Fanesi anakulunga chitenje pamwamba pa buluku lake n'kumanga mpango kumutu, komabe achimwene anandinong'oneza kuti kodi mayi wa kubala uyu wabwera kudzatani pa nkhani ya banja. Ndinati dikirani muona. A Kamwendo anayamba kuyankhula, ndipo anayankhula ngati ulaliki wa pamaliro, za ulemu wa mkazi, za dzina la mtundu wawo, foni ili m'manja akuzungulira nayo kuti aliyense aone zithunzi. Velonika anakhala pamphasa, maso ali pansi, akuonetsedwa ngati mbuzi ya pamalonda.

Atamaliza, Fanesi anagwada n'kupempha mawu. Anatenga lichero n'kuliika pakati pa bwalo, nati mafoni a kwathu onse, ya Velonika, yanga ndi yake yomwe, aikidwe mmenemo. Velonika akhale pomwe alipo, manja pamiyendo, aliyense akumuona. Kenako munthu mmodzi ailembere akaunti ija uthenga pompano. Ikangokhala chete, ndiye sitinapeze kanthu. Koma ikayankha mtsikanayu ali phee pamphasa, ndiye wolembayo ndi wina. Anaonjeza kuti Matiyasi asalembe ndi foni yake chifukwa wakubayo akhoza kulidziwa dzina lake n'kuchenjera, bola alembe a Kamwendo, popeza ndi amene anaitulukira.

A Kamwendo anati foni yawo yatha moto. Achimwene anga, amene sadziwa za intaneti koma bodza amalimva fungo, anati, “Nanga mumationetsera zithunzi ndi chiyani pompano, galasi?” A Kamwendo anati alibe bandulo. Amayi ake a Matiyasi anati, “Achimwene, mpatseni mwanayu foniyo, tisataye nthawi.” Anaipereka ndi zala ziwiri ngati ikutentha.

Matiyasi anatsegula polembera mauthenga, analemba kuti uli kuti, natumiza. Tonse tinadikira. Koma ndinaona kuti maso ake sakuchoka pafoni, ndipo chala chake chikukwera m'mwamba pang'onopang'ono. Nkhope yake inasintha. Achimwene anga anamufunsa kuti kodi wayankha, iye anapukusa mutu, nati pali mauthenga akale. Anamuuza kuti awerenge mokweza, ndipo anawerenga. Abale anga, a Kamwendo anali atayamba kuilembera akaunti ija ukwati usanalengezedwe n'komwe. Mwana iwe wakula bwino. Usamuuze Matiyasi. Tikumane pa Kasiya tsiku la msika, ya thiransipoti ndatumiza. Zina Matiyasi analephera kuzitchula pamaso pa amayi ake, anangoti apa ndadumpha. Pamapeto pake panali mauthenga aukali, oti ndakudikira tsiku lonse padzuwa, wandiyenda njomba, uona chimene ndichite.

Mundimvetse bwino apa. Bambo ameneyu sankadziwa kuti akauntiyo ndi yabodza. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuyankhula ndi Velonika weniweni, mkazi wa mwana wa mlongo wake, amene iye mwini anamuimira pa chinkhoswe, ndipo ankamufuna. Atamanidwa ndi pamene anakumbukira ulemu wa mtundu wawo. Ndinayang'ana jekete yosita ija, nsapato zopolisha zija, ndipo ndinamva ngati ndaponda zoipa za galu ndilibe nsapato. Amayi ake a Matiyasi anadziphimba kumaso ndi chitenje. A Kamwendo anayamba kunena kuti ankangomuyesa mtsikanayo kuti aone khalidwe lake.

Tili chiyang'anire choncho, foni inalira m'manja mwa Matiyasi. Anawerenga kuti, “Ndili kwathu dadi, mwandisowa? Tumizani ina ya thiransipoti, ulendo uno ndibwera ndithu.” Tonse tinatembenukira kwa Velonika. Anali pomwe paja pamphasa, manja pamiyendo, misozi ikutsikira pachitenje, ndipo mafoni a mu lichero anali zii. Achimwene anga anauza Matiyasi kuti alembenso, analemba, ndipo yankho linabweranso nthawi yomweyo. Amayi ake a Matiyasi anakwawa ndi mawondo kuchoka pomwe anakhala mpaka pamphasa, n'kumukumbatira mwana wanga akulira kuti, “Apongozi, tikhululukireni.” Ine ndinangokweza manja kumwamba. A Kamwendo anadzuka mwakachetechete n'kukankha njinga yawo, foni Matiyasi anachita kuwathamangira nayo.

Tsiku lomwelo a kuchimuna anawachotsa pa unkhoswe n'kuikapo mng'ono wawo, ndipo ankhoswe a mbali zonse anapita limodzi kwa akatekisiti. Apa ndi pamene Fanesi anati tsopano tilipote. Aliyense wobwera kudzalukitsa tsitsi ankayamba wadina kaye polipota asanakhale pampando. Ine ndinapita ku mphakati n'kuwauza amayi aja kuti zala zomwe zinkatumiza zithunzi za mwana wanga zigwirenso ntchito yolipota, ndipo anachitadi, ena maso ali pansi. Patapita masiku angapo akaunti ija inasowa. Amene anaitsegula sitikumudziwa mpaka lero. Mwina ali kutali, mwina amadutsa pakhonde panga n'kundipatsa moni, ndipo ndikaganiza zimenezo khungu limandiyabwa. Ndinamusiya m'manja mwa Mulungu, ngakhale ndivomereze kuti masiku ena ndimafuna kumubwereka kwa ola limodzi lokha.

Ntchito yanga sinafe. Fanesi ananditsegulira peji ya bizinesi payokha, imene aliyense akhoza kuiona n'kundilembera za maoda popanda kulowa m'moyo wanga. Madiresi tsopano ndimaveka chidole cha pulasitiki chopanda mutu, chimene sichingatomeredwe ndi munthu. Kasitomala akafuna kuti ndimuonetse atavala, ndimayamba ndamupempha, ndipo ndimajambula kuyambira pakhosi kutsika. Akaunti yanga ya dzina langa inatsala ya abale ndi anzanga amene ndimadziwa makomo awo. Maoda akubwera kuposa kale, ndipo ambiri amachokera kusaluni, chifukwa mkwatibwi akamalukitsa tsitsi Fanesi amamulozera khonde langa. Masiku ano tiyi wa m'mawa timamwera limodzi, ndipo amene zikumuwawa akhoza kukasoketsa kwina.

Koma panatsala chilonda chimodzi chimene kubuloka sikukanachiza. Mayina analengezedwa kachiwiri, anthu anaimbanso nthungululu, koma Velonika kunyumba ankangondiyankha kuti inde amayi, ayi amayi. Ndi Fanesi ankaseka, ndi apongozi ake ankacheza, ndi ine ayi. Loweruka lina masana, mawa lake kuli kulengeza komaliza, ndinamupeza akusenda mtedza kuseri kwa nyumba. Ndinamufunsa kuti kodi ukundisungirabe chakukhosi. Sanasiye kusenda. Anati wakuba uja samudziwa, a Kamwendo si magazi ake, amayi a kumpingo ndi anthu chabe, zonsezo akhoza kuziiwala. “Koma inu munatukula matiresi anga, amayi.”

Kwathu kuno mwana ndiye amagwadira kholo, kholo siligwadira mwana. Tsiku limenelo ndinagwada pa makoko a mtedza, mayi wamkulu ine, pamaso pa mwana amene ndinamubereka kumsana. Sindinadziikire kumbuyo kuti ndinasokonezeka kapena kuti zithunzi zinandinamiza. Ndinati ndinakulakwira, unanena zoona ine osamva, undikhululukire. Anataya lichero, mtedza unamwazika pansi, n'kuyamba kundikoka kuti amayi dzukani anthu aona. Ndinati aone. Tinalira tonse awiri pomwepo, nkhuku zikutola mtedza wathu. M'mawa mwake, dzina lake likuwerengedwa kachitatu, anali atakhala pafupi ndi ine, dzanja lake lili m'dzanja langa, ndipo patapita masabata awiri ukwati unadalitsidwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lamwano lija, n'kunditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene ndinkamunyoza. Ndikuthokoza Fanesi, amene anali ndi zifukwa zonse zongoonerera. Inu amene muli pakati pa manyazi lero, amene anthu akukutembenukirani mitu m'tchalitchi, musataye mtima, limbikirani kupemphera, ndipo wotumidwa akafika musayang'ane zovala zake. Konzaninso masamba anu lero lomwe, zisanakugwereni. Koma inu makolo anzanga, mwana wanu akadzakuyang'anani m'maso n'kunena kuti si ine, mudzayambe mwaima naye, zofufuza zibwere pambuyo. Wanga ananena Lachiwiri, ine ndinamukhulupirira Lolemba la sabata inayo, nditauzidwa ndi munthu wina. Ukwati Ambuye anaubweza, dzina lake analiyeretsa, koma masiku asanu ndi limodzi amene mwana wanga anakhala wopanda mayi m'nyumba mwa mayi wake, amenewo palibe angamubwezere. Anandikhululukira, ndipo chisomo chimene ndikuchitira umboni lero ndi chimenecho. Ameni.